Kodi makina oyankhula adzamva Cinyanja cathu?

Ngati muli ndi foni ya WhatsApp, mumadziwa kale kuyankhula ndi cinthu copanda makutu. Mumakanikiza kacizindikiro ka maikolofoni, n'kunena zimene mukufuna, basi audiyo yapita. M'bale wanu amene ali ku Nampula kapena ku Joni amaimvera, iyenso n'kutumiza yake. Anthu ambiri amene sanapite kusukulu amagulitsa nyemba, amaitanitsa katundu, amalengeza maliro mwa njira imeneyi, osalemba ngakhale cilembo cimodzi. Si kuno kokha. Mu 2022 eni ake a WhatsApp ananena kuti tsiku lililonse anthu a padziko lonse amatumizirana maaudiyo okwana 7 biliyoni.

Pa audiyo, wokuyankhani ndi munthu. Koma masiku ano kuli makina amene amamva funso n'kuyankha okha, popanda munthu kumbali inayo. M'mayiko olemera makinawa akhala m'nyumba za anthu zaka zoposa 10. Kuno ku Mandimba, ku Ngauma ndi ku Cuamba akufika pang'onopang'ono, ndipo akulowera khomo lina. Inu amene mwaphunzira kuwerenga muli wamkulu kale, mutasiya khasu ndi ana kuti mukakhale pa benci, mukhoza kufunsa kuti: ngati foni idzatha kumva ndi kuyankha, ndiye kuti ndinavutikira cabe? Funsolo ndi lomveka. Koma kuti tiliyankhe bwino, tiyambe tawaona makinawo.

Kabokosi ka patebulo

Mu 2011 kampani ya Apple inaika m'mafoni ake a iPhone mawu othandiza munthu, n'kuwapatsa dzina loti Siri. Munthu ankauza foni m'Cingerezi kuti imudzutse m'mawa, foniyo n'kumvera. Kumapeto kwa 2014 kampani ina ya ku America, Amazon, inatulutsa Echo. Imeneyi ndi sipika yooneka ngati citini cacitali, yokhala ndi timamaikolofoni mkati. Mawu oyankha m'sipikamo anawacha Alexa. Google inatulutsa yake mu 2016, dzina lake Google Home. Mu 2017 Amazon inawonjezera ina yokhala ndi galasi loonetsa zithunzi ndi zolemba, ngati TV yaing'ono. Galasi limeneli mulisunge m'maganizo, tibwereranso kwa ilo.

Kabokosi kotere kamakhala pabalaza kapena pamalo ophikira. Kamakhala cete mpaka mutachula dzina lake. Mukangoti "Alexa", kamayaka. Ndiye mumafunsa nthawi, mumafunsa ngati kugwe mvula, kapena mumakauza kuti kaimbe nyimbo. M'nyumba zimene muli mababu ndi maloko apadera, kamathanso kuzimitsa magetsi ndi kukiya citseko. Ndiye cifukwa cake otsatsa malonda amati imeneyo ndi nyumba yanzeru.

Komatu nzeruzo sizili m'kabokosimo. Kali ngati mwana wotumidwa. Kamamva mawu anu, kamathamanga nawo pa intaneti kupita ku makompyuta akuluakulu a kampaniyo, amene mwina ali kutsidya kwa nyanja. Kumeneko makompyuta amasandutsa mawu anu kukhala zilembo. Akatero amafufuza tanthauzo la zilembozo, amapeza yankho, amalisandutsa mawu, n'kulibweza kwa inu. Zonsezi zimacitika m'masekondi awiri kapena atatu. Intaneti ikangoduka, mwana uja alibe kopita. Kabokosi kamangopepesa.

Onani bwino pamenepa. Makina amenewa samva monga amamvera agogo anu. Amayamba alemba zimene mwanena, kenako n'kuwerenga zimene alembazo. Akalemba molakwika, yankhonso limabwera lolakwika.

Cifukwa cake simukaona pamsika wa Mandimba

Pamsika mupeza mawailesi, mapaineli a sola, masipika oika memori, macaja a mitundumitundu. Kabokosi ka Alexa simukapeza, ndipo ine ndikuona kuti sikadzacita malonda kuno ngakhale zaka zikubwerazi. Kambiri kalibe batire, kamafuna magetsi usana ndi usiku. Pa boma magetsi a EDM alipo, munthu amagula Credelec. Koma midzi yambiri yotalikirana ndi msewu wa N13 idakali kudikira. Boma lili ndi pulogalamu ya Energia para Todos, imene colinga cake n'cakuti aliyense akhale ndi magetsi pofika 2030. Ngakhale nthambo zitafika, kabokosiko kamafunanso intaneti ya m'nyumba yosatha, pamene ife timagula mamega a tsiku limodzi, n'kumawasunga ngati mcere wa m'nyengo ya njala. Ndiponso kadzazimitsa ciyani m'nyumba ya babu limodzi? Dzanja lilipo.

Vuto lalikulu kuposa onsewa ndi ciyankhulo. Alexa anaphunzira Cipwitikizi mu 2019, koma ca ku Brazil. Cinyanja, Ciyao ndi Cimakuwa sazidziwa. Kalembera wa anthu wa 2017 anaonetsa kuti m'Mozambique muno odziwa kuyankhula Cipwitikizi ndi pafupifupi theka la anthu basi. Kalembera yemweyo anapeza kuti akuluakulu 39 pa 100 aliwonse sadziwa kuwerenga ndi kulemba. Ndiye taonani zake. Anthu amene makina oyankhula akanawathandiza kwambiri ndi omwewo amene makinawo sawamva.

Khomo limene akulowera ndi foni

Ife mawu ocokera m'bokosi tinawazolowera kale. Rádio Moçambique ya ku Lichinga imaulutsa m'Cinyanja, m'Ciyao ndi m'Cimakuwa, ndipo mawailesi a m'madera, monga a ku Mandimba ndi ku Cuamba, amalengeza za katemera, za mbewu ndi za maliro m'ziyankhulo zathu. Kungoti wailesi imanena zimene yakonza, pa nthawi imene yakonza. Mukacedwa kumunda, pulogalamu yadutsa.

Kenako kunabwera manambala oimba pafoni. Ku Malawi, munthu wa Airtel akaimba 321 amamva mauthenga a zaumoyo ndi zaulimi m'Cicewa. Kuno nambala yofanana nayo ndi 84321 ya Vodacom. Bungwe loyendetsa zimenezi ndi Viamo. Ubwino wake ndi woti zimatheka ngakhale pa kabombinya, kafoni ka mabatani kaja, popanda intaneti. Mawu amakuuzani kuti mukanikize 1 kapena 2, inu n'kusankha. Koma apanso simungafunse funso lanulanu. Mumangosankha pa zimene anajambula kale. Viamo inayesanso ku Zambia njira yatsopano, yoti munthu aimbe pa foni wamba, afunse funso lililonse ndi pakamwa, kompyuta n'kumuyankha. Njira imeneyi ndiyo ine ndikuiyang'ana kwambiri, cifukwa siifuna foni yodula.

Tsidya la malire a Chiponde kwacitikanso cinthu cina. Mu 2024 bungwe la Opportunity International linayambitsa ku Malawi mlangizi wa pa WhatsApp, dzina lake Ulangizi. Mlimi amafunsa m'Cicewa, polemba kapena potumiza audiyo. Akhozanso kutumiza cithunzi ca tsamba lodwala. Mayankho amacokera m'buku la malangizo a zaulimi la unduna wa zamalimidwe wa dzikolo. Popeza alimi ambiri alibe mafoni a intaneti, munthu mmodzi wophunzitsidwa ndiye amayenda ndi foni, anzake n'kumuzungulira ndi mafunso awo. Ndikamaganiza za tsogolo la makinawa kwathu kuno, cithunzi cimene ndimaona ndi cimeneci: foni imodzi pansi pa mtengo, anthu khumi, ndi mmodzi wodziwa kuwerenga amene waigwira.

Caka comweco, mu Okutobala 2024, Google inalengeza kuti yawonjezera ziyankhulo 15 za mu Africa zimene foni ingamve munthu akamayankhula. Pa ziyankhulozo panali Cishona, Cihausa, Ciyoruba, ndipo Cicewa cinalipo. Ndiye kuti pa foni ya Android mukhoza kufufuza cinthu kapena kulemba uthenga ndi pakamwa, m'ciyankhulo cathu. Ciyao ndi Cimakuwa pa mndandandawo panalibe. M'banja limodzi la ku Massangulo, mlamu woyankhula Cinyanja foni ikhoza kumumva, apongozi oyankhula Ciyao ayi.

Mmene makina amaphunzirira ciyankhulo

Mwana amaphunzira kuyankhula ali kumbuyo kwa mayi ake. Amamva mawu akuona zinthu. Kompyuta siiona nkhuku kapena mtondo. Iyo amaipatsa mawu ojambulidwa a anthu ambirimbiri, pamodzi ndi zolemba zosonyeza zimene anthuwo ananena. Imayerekeza phokoso ndi zilembo, kambirimbiri, mpaka itazolowera kuti phokoso lakuti limayenda ndi zilembo zakuti. Pa Cingerezi pali maola osawerengeka a mawu otere. Pa Cinyanja ndi ocepa kwambiri.

Pofuna kuzemba vutoli, kampani ya Meta, imene ndi eni ake a Facebook ndi WhatsApp, inacita cinthu cocititsa cidwi. Mu 2023 inalengeza kuti yaphunzitsa kompyuta ziyankhulo zoposa 1,100 pogwiritsa nchito mawu a anthu owerenga Cipangano Catsopano. Inasankha Baibulo cifukwa ndilo buku limene linamasuliridwa ndi kujambulidwa m'ziyankhulo zambiri. Pa ciyankhulo ciliconse inapeza maola pafupifupi 32. Nzeru yabwino ndithu. Koma ganizirani munthu amene anaphunzira Cinyanja m'chalichi mokha, osafikako kumsika. Za Afarisi ndi ngamila azidziwa. Mukamufunsa za feteleza wa ureya kapena za tayala la njinga yamoto, ayamba kukanda mutu.

Ciyankhulo cathu cilinso ndi misampha yake. Tangonenani kuti "mtengo wa mango". Kodi mukunena mtengo umene uli pakhomo panu, kapena ndalama zogulira mango? Pakamwa mawu awiriwa amasiyana pang'ono pa kakwezedwe ka liwu, ndipo inu simusokonezeka, cifukwa mukudziwa nkhani imene mukukamba. Papepala amalembedwa cimodzimodzi. Makina aja, paja tanena kuti amayamba alemba kenako n'kuwerenga, akhoza kukuuzani za kudzala ndi kuthirira pamene inu mumafuna kudziwa ngati mupindule pa dengu lanu.

Ndiye pali kayankhulidwe ka m'malire muno. Munthu wa ku Mandimba akhoza kunena kuti, "Ndipatseni kredito ya vinte, rede lero ikuvuta." M'ciganizo cimodzi muli Cinyanja ndi Cipwitikizi. Akatembenuka kupereka moni kwa mnzake, walowa Ciyao. Ndalama timawerenga m'Cipwitikizi, pamene wa ku Namwera amawerenga m'Cingerezi. Cicewa cimene makina aphunzira kwambiri n'ca ku Malawi, ca m'manyuzipepala ndi m'mabuku a kumeneko. Google Translate yakhala ndi Cicewa kuyambira 2014, koma mukaiyesa muona kuti imalemba monga amalembera ku Lilongwe. Pamene ife timalemba "cimanga", iyo imalemba "chimanga". Pamene ife timalemba "nchito", iyo imalemba "ntchito". Musadabwe nazo, mawu ndi omwewo. Cimene cingakuvuteni n'cakuti mawu athu obwereka ku Cipwitikizi makinawo akhoza kuwaphonya.

Kuti adzatimve bwino, pafunika anthu a konkuno ajambulidwe mawu: amayi, nkhalamba zopanda mano, anyamata oyankhula mothamanga, asodzi a ku Amaramba. Pafunikanso anthu olemba zimene ojambulidwawo anena, cilembo ndi cilembo. Nchito imeneyo singagwiridwe ndi munthu wa ku California. Ngati tsiku lina munthu atafika pamudzi panu ndi foni kuti ajambule mawu anu, mufunseni kuti mawuwo akupita kwa ndani, adzagwira nchito yanji, ndipo inu mupindula ciyani. Pepala limene angakupatseni muliwerenge musanasaine.

Makina atsopano amaceza, koma amanamanso

Alexa wakale ankamva malamulo afupiafupi okha. Mukapotoza pang'ono funso, ankati sanamve. Zinthu zinasintha kumapeto kwa 2022, pamene kunatuluka ChatGPT. Iyi ndi pulogalamu imene inawerengetsedwa zolemba zosawerengeka, mpaka inayamba kuyankha ngati munthu woceza naye. Makampani onse anathamangira komweko. Mu Febuluwale 2025 Amazon inalengeza Alexa watsopano, wochedwa Alexa+. Google nayo ikucotsa wothandiza wake wakale n'kuikapo wina dzina lake Gemini, m'mafoni ndi m'masipika momwe. Tsogolo lake likuoneka kuti ndi limeneli: makina oti mukambirane nawo momasuka, mubwereze funso, muwadule pakamwa, iwo n'kumatsatirabe nkhaniyo.

Apa ndiye pofunika kuchera khutu. Makina atsopanowa sayankha cifukwa coti akudziwa. Amalumikiza mawu amene amaoneka kuti amayenderana. Nthawi zambiri yankho limakhala loona. Nthawi zina amangopeka, ndipo amapeka ndi liwu lomwelija lodekha, laulemu, losakayika. Pamudzi uliwonse pamakhala munthu wotere, amene sananenepo kuti "sindikudziwa". Mukamufunsa njira ya kumene sanapiteko, amaloza ndithu. Munthuyo mumamudziwa, ndiye mumaseka n'kukafunsa wina. Foni ilibe nkhope yoti muiyang'ane.

Tiyerekeze kuti mbozi zalowa m'cimanga canu. Mwagula mankhwala, ndipo mwafunsa foni kuti muthire angati m'sipuleya. Foni yachula nambala. Kodi yamva bwino dzina la mankhwalawo? Kodi ikudziwa kukula kwa sipuleya yanu? Ikalakwitsa, cimanga cipsa, kapena mbozi sizifa, kapena inuyo mudwala. Muyezo woona walembedwa pa botolo. Amene angayerekeze zonena za foni ndi zolembedwa pa botolo ndi munthu wodziwa kuwerenga. N'cimodzimodzi ndi mtengo wa nandolo kapena soya. Foni ikhoza kukuuzani mtengo wa caka catha, kapena wa ku Lilongwe m'makwaca, inu n'kumayesa ndi wa ku Cuamba lero. Pa za matenda ndiye musayerekeze. Foni ikhoza kukufotokozerani kuti malungo n'ciyani, koma siingayeze magazi a mwana wanu.

Palinso funso la amene adzalipire. Makompyuta oyankha aja amadya magetsi ambiri ndipo ndi odula. Mu 2024 nyuzipepala ya Wall Street Journal inalemba kuti pakati pa 2017 ndi 2021 Amazon inaluza madola oposa 25 biliyoni pa zipangizo zake, kuphatikizapo masipika a Alexa. Kampaniyo inkayembekeza kuti anthu azigula katundu ndi pakamwa, koma ambiri ankangofunsa nthawi ndi nyengo. Tsopano Alexa+ ku America amalipiritsa pafupifupi madola 20 pamwezi kwa amene sali pa mndandanda wa makasitomala ake olipira kale. Kampani ikaluza imafuna pobwezera. Ikakupatsani yankho laulere, mwina mkati mwake mudzakhala malonda. Tsiku limene foni idzakuuzani kuti mbewu yabwino ndi yakuti, mudzadzifunse ngati akuyankhulayo ndi mlangizi kapena wogulitsa.

Khoma lili ndi makutu, foninso

Kabokosi kodikira kuti muchule dzina lake kamakhala kakumvetsera nthawi zonse. Makampani amati kamayamba kutumiza mawu pokhapokha kakamva dzinalo. Koma nthawi zina kamamva molakwika, n'kujambula nkhani za m'nyumba. Mu 2019 kunadziwika kuti anchito ena a Amazon ankamvetsera ena mwa mawu ojambulidwawo, ati pofuna kukonza makina kuti azimva bwino. Mu 2023 kampaniyo inavomera kulipira boma la America madola 25 miliyoni pa mlandu wosunga mawu a ana nthawi yaitali. Ngati zotere zimacitika kumene kuli malamulo olimba ndi maloya ambiri, ife tiyenera kusamala kawiri.

Koma kwathu kuno khutu loyamba kuliopa si la ku America ayi. Ndi la m'nyumba momwemo. Funso la pakamwa limamveka kwa aliyense amene ali pafupi, yankhonso limamveka. Mayi amene akufuna kudziwa za kulera, kapena bambo amene akufuna kufunsa za mankhwala a HIV, angafunse bwanji mokweza m'nyumba ya zipinda ziwiri, ana ali pomwepo, apongozi ali pakhonde? Nanga foniyo ikakhala yobwereka? Kuwerenga kuli ndi ubwino umodzi umene anthu sauchula kawirikawiri: kumacitika mwakacetecete. Maso amawerenga, woyandikana nanu osamva kanthu.

Za ndalama ndiye zosacita kufunsa. Nambala yanu yacinsinsi ya M-Pesa, e-Mola kapena mKesh musaichule mokweza, kaya kwa munthu kaya kwa makina. Mukudziwa kale mauthenga a akuba aja, onena kuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Ambiri tinaphunzira kuwanyalanyaza. Tsopano kwabwera njira ina. Pali mapulogalamu amene akamva mawu a munthu kwa kanthawi kocepa, amatha kupanga mawu ofanana ndi ake, n'kunena zimene mwiniwakeyo sananene. M'mayiko ena akuba ayamba kale kubera anthu mwa njira imeneyi. Tsiku lina mukhoza kulandira audiyo ya liwu la mwana wanu amene ali ku Joni, akulira kuti wagwidwa ndipo mutumize ndalama msanga, pa nambala yacilendo. Musathamange. Muimbireni pa nambala yake imene mumaidziwa. Ikakanika, mufunseni cinthu cimene wakuba sangacidziwe, monga dzina la galu amene munali naye iye ali mwana. Ndi bwino kugwirizana za funso lotere panopa, zinthu zili bwino.

Tibwerere ku galasi lija

Makampani amene ankati mawu okha akwanira ndi omwewo amene anawonjezera galasi pa masipika awo. Anaona kuti khutu lili ndi malire. Munthu akakuuzani mitengo ya zinthu zisanu ndi ziwiri motsatizana, pofika pa comaliza mwaiwala coyamba. Zikalembedwa, maso amabwerera m'mbuyo, amayerekeza, amaima pamene akufuna. Mawu amapita ndi mphepo. Simungapite nawo kwa amfumu kapena kukhoti n'kunena kuti foni inandiuza.

Ganizirani zinthu zimene zimasunga cuma canu. Mukaimba *150# kapena *898# kuti mutumize ndalama, zonse zimabwera zolembedwa, ndipo uthenga wotsimikizira umanena ndalama zimene zacoka ndi nambala imene zapita. Mlimi wa fodya kapena wa thonje amene watenga feteleza ndi mbewu pa ngongole amapatsidwa pepala, ndipo pa tsiku logulitsa makilo ndi magiredi amalembedwa papepala. Khadi la kusikelo ya mwana ndi lolembedwa. Tsiku lotha mphamvu mankhwala ndi lolembedwa. N'zoona kuti foni ikhoza kujambula pepala n'kukuwerengerani mokweza, ndipo kwa munthu wosaona kapena wokalamba cimeneco ndi cithandizo cacikulu. Koma ikawerenga 1,500 pamene palembedwa 7,500, adzaigwira ndani?

Conco yankho langa pa funso lija ndi lakuti simunavutikire cabe. Makina oyankhula adzathandiza anthu onse, owerenga ndi osawerenga. Kusiyana kwake n'kwakuti wosawerenga adzangokhulupirira, pamene inu mudzatha kuona ngati makinawo akumvani bwino, cifukwa zimene amva amazilemba pagalasi asanayankhe.

Ndiponso foniyo ikhoza kukhala mnzanu pophunzira. Ngati inu kapena wina m'kalasi mwanu ali ndi foni ya Android, yesani izi tsiku limene muli ndi mamega. Tsegulani Google, mupite pamene amasankhira ciyankhulo ca mawu, mufufuze Chichewa kapena Nyanja. Mukapanda kucipeza, mwina pulogalamuyo ndi yakale ndipo ikufunika kuikamo yatsopano. Wacinyamata wa pabanka yochajira mafoni akhoza kukuthandizani. Mukacipeza, kanikizani maikolofoni, munene ciganizo cacifupi, monga "mvula yagwa usiku". Yang'anani zilembo zikutuluka zokha. Ziwerengeni. Kodi yalemba zimene munanena?

Kenako iyeseni ndi mawu a kwathu. Chulani dzina la mudzi wanu. Chulani Mandimba, Massangulo, Mitande. Nenani ciganizo cija ca kredito ya vinte. Apatseninso agogo ayankhule, kenako mwana. Tengani kope lanu, mulembe mbali imodzi zimene munanena, mbali inayo zimene foni yalemba, ndipo pamwamba muike deti la tsikulo. Tsambalo musalicotse m'kope. Caka camawa, mvula ikadzayamba, mudzanenenso ziganizo zomwezo kwa foni yomweyo, n'kuwerenga kuti yakonza zingati.